Mtengo wa Mango wa Mkamwini

Pamudzi wina wa kuseri kwa phiri panali munthu wina, dzina lake Dalikeni. Sanali mbadwa ya pamudzipo. Anabwera kudzakwatira, ndipo mwambo wa kumeneko ndi wakuti mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Nyumba anamanga ndi manja ake, koma malo anali a mkazi wake, Nachisale. Munda ankalima ndi iye, koma mundawo unali wa akuchikazi. Pakakhala nkhani ya pabanja ankakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo maganizo ake ankamufunsa zonse zitagamulidwa kale. Pajatu amati mkamwini asamakule mwendo.

Dalikeni sankadandaula nazo. Anali munthu wofatsa, wolimbikira ntchito, wa mawu ochepa. Ankadziwanso chimene mkamwini aliyense amadziwa popanda womuuza: ukwati ukatha, kaya ndi imfa kaya ndi mkangano, umanyamula bulangeti ndi khasu lako n'kubwerera kwanu. N'chifukwa chake akamwini a pamudzipo sankadzala mitengo. Chimanga ndi mbatata ankadzala, poti zimenezo umakolola chaka chomwecho. Koma za mtengo ankati n'kudzalira mwamuna amene adzalowe m'nyumba mwako iwe utachoka.

Kwawo kwa Dalikeni kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu panjinga. Kumeneko kunali mtengo wa mango wa amayi ake. Mango ake anali aakulu, limodzi lodzaza manja awiri, opanda ulusi, okoma mpaka panjere. Koma chimene anthu ankaukondera kwambiri mtengowo ndi chakuti unkapsa mochedwa. Mango ena onse akatha, m'miyezi ija nkhokwe zimakhala zitayera ndipo chimanga chikadali chosakhwima m'munda, m'pamene iwo unkayamba. Amayi ake a Dalikeni analera ana asanu ndi mango amenewo, ndiponso ana a eni ake amene ankangobwera n'kukhala pakhonde osanena kanthu. Anthu ambiri anayesa kudzala njere zake, koma zikamera zinkabereka mango wamba. Mtengo wa mtundu umenewo unali umodzi wokhawo.

Chaka chimene amayiwo anamwalira, kunapezeka kuti chiswe chaudya mtengo uja m'kati, ndipo unali utapendekera kudenga la nyumba. Abale anagwirizana zoudula mvula isanagwe. Dalikeni sanatsutse, poti zinali zoona. Iye anangokwera mumtengomo, n'kudula tinthambi titatu tonenepa ngati pensulo, n'kutikulunga m'kansalu konyowa. Anapalasa njinga tsiku lonse, akuima pamtsinje uliwonse kuti anyowetsenso kansalu kaja.

Kuseri kwa nyumba yake kunali timitengo ta mango wamba, tomera tokha pamene anthu ankataya njere. Mango amenewo mukuwadziwa: ukadya limodzi, umatha ola lonse ukutokosa m'mano. Dalikeni anasankhapo titatu. Kamtengo kalikonse anakadula chapabondo, n'kung'amba tsinde lake pakati ndi mpeni. Kenaka anasongola kanthambi kochokera kwa amayi ake, n'kukalowetsa mumng'alumo, n'kumanga zolimba ndi kapulasitiki ka paketi ya shuga. Ntchito imeneyi ndiyo kumezanitsa, ena amati kukwatitsa, ndipo iye anaiphunzira kwa mlangizi wa zaulimi. Mizu ndi tsinde zimakhala za mtengo wamba. Chimene chimakula pamwamba pa bala lija ndiye mtengo wabwino.

Akugwira ntchitoyo, panadutsa a Chisale, mchimwene wake wamkulu wa Nachisale, amene anali mwini mbumba. Anaima, manja kumbuyo.

"Alamu, mukudzala mitengo? Wakuuzani ndani kuti mukhalitsa kuno?"

Ananena akuseka, ndipo Dalikeni nayenso anaseka. Mkamwini amaseka zinthu zambiri.

Tinthambi tiwiri tinauma. Kachitatu kanakhala masabata atatu osaonetsa moyo kapena imfa, kenaka kanatulutsa timasamba tiwiri tofiirira. Dalikeni atationa anakhala pansi n'kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Kwawo nkhwangwa inali itagwira kale ntchito. Zonse zotsala za mtengo wa amayi ake zinali kanthambi kameneka.

Tsopano mvetsetsani, chifukwa nkhani yagona apa. Tsinde lakale silivomera msanga kuti lagonja. Mukalimezanitsa, limakhala chete kanthawi, kenaka limayamba kutulutsa mphukira zakezake m'munsi mwa chipsera. Mphukira zimenezo zimakhala pafupi ndi mizu, ndiye zimayamba ndizo kumwa. Zimakula msanga, zowongoka, zokongola. Mukazisiya zimalanda madzi ndi dzuwa, ndipo nthambi yabwino ija imafota pang'onopang'ono mpaka kuuma. Mankhwala ake ndi osavuta. Mphukira ikangotuluka, idakali yanthete, mumaithyola ndi chikhadabo.

Dalikeni ankazidziwa bwino zimenezi. Kwa zaka ziwiri sankadutsa pakamtengo kaja osawerama. Anakamangira mpanda waminga chifukwa cha mbuzi. M'chilimwe ankakatungira madzi pamjigo, amayi a pamudzipo akumuseka kuti mwamuna uyu wapeza mkazi wachiwiri kuseri kwa nyumba. Kamtengo kanakula mpaka kumufika pachifuwa.

Chaka chachitatu, mvula itangoyamba, Nachisale anadwala. Matenda anakula mpaka anamutengera kuchipatala cha kuboma. Amayi ake a Nachisale anali atamwalira kale, abale ake aakazi anali ndi makanda ndi minda, choncho womudikirira anali Dalikeni yemweyo. Anakhala kumeneko miyezi inayi. Ankaphika pamafuwa pakati pa amayi odikirira odwala awo, ankachapa, ankamwetsa mkazi wake phala ndi sipuni. Amayi aja poyamba ankamuyang'ana cham'mbali, kenaka anayamba kumugawira nkhuni. Choncho musaganize kuti munthuyu anasiya mtengo wake chifukwa cha mowa kapena ulesi. Anali pamene anayenera kukhala, ndipo ine ndikanakhala iyeyo ndikanachita zomwezo.

Anabwerera kumudzi mvula ikutha, Nachisale atachira koma adakali wofooka. Dalikeni atazungulira kuseri kwa nyumba, anapeza mtengo utamupitirira msinkhu, wowongoka, masamba ake onyezimira. Mtima wake unadzaza chimwemwe. Koma atawerama anaona chimene chinachitika. Chowongoka chija chinatuluka m'munsi mwa chipsera. Inali mphukira ya tsinde lakale, imene inamwa mvula ya dzinja lonse popanda woithyola. Nthambi ya amayi ake inali itakankhidwira pambali.

Anatulutsa mpeni m'thumba. Nthawi yomweyo Nachisale anafika, akuyenda mogwira khoma.

"Taonani, abambo, mtengo wanu wakula ife kulibe! Mulungu watisungira."

Nkhope yake inawala. Miyezi inayi Dalikeni anali asanaone mkazi wake akumwetulira. Anayang'ana nkhopeyo, n'kuyang'ana mphukira ija, n'kubweza mpeni m'thumba. Mumtima anati: ndidula mawa.

M'mawa mwake kunali kokakolola tochepa timene tinapulumuka m'munda. Zitatha zimenezo, denga linali lofuna udzu. Kenaka kunagwa maliro. Zifukwa zake zonse zinali zoona, ndipo ichi ndicho chimapweteka. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Chimene chikanathyoka ndi chikhadabo chinayamba kufuna mpeni. Chaka chitatha chinafuna chikwanje, ndipo posakhalitsa chinali thunthu lofuna nkhwangwa.

Ndiye mtengo unayamba kupereka mthunzi. Anayamba ndi Nachisale kuyala mphasa pamenepo masana. Kenaka amayi anzake ankabwera ndi malichero kudzasenda mtedza. Tsiku lina kukutentha, a Chisale anatumiza mpando wawo, ati kwawo kulibe kamphepo. Kuyambira pamenepo nkhani zonse za pabanja zinkakambidwira pamtengo umenewo, za maukwati, za malire a minda, za ana osamvera. Ndipo poti mtengowo unali pakhomo pa Dalikeni, iye ndiye ankatulutsa mipando n'kulonjera anthu. Sankakhalanso kumapeto kwa mphasa. Tsiku lina anamva a Chisale akunena kuti, "Nanga inu alamu mukuti bwanji?" nkhani idakali pakati. Anachita kuyang'ana kumbuyo kuti mwina akufunsa wina.

Anthu anayamba kunena kuti, "Tikumane pamtengo wa a Dalikeni." Chiyambire, pamudzipo panalibe chinthu chimene chinatchedwapo dzina la mkamwini, ngakhale chulu.

Musamuweruze msanga munthuyu. Ukakhala zaka khumi ukungotchedwa mwamuna wa uje, kenaka n'kumva dzina lako lili pakamwa pa mudzi wonse, zimakoma. Ine ndinakhalapo pachikamwini, ndikunena zimene ndikuzidziwa. Inu amene mukuseka kumbuyoko, dikirani mukwatire.

Mtengo unayamba kubereka, ndipo unkabereka kwambiri. Koma anali mango wamba, ang'onoang'ono aulusi, opsa nthawi imene mudzi wonse uli ndi mango mbwee. Ankagwa okha n'kuolera pansi, mbuzi zikudya mpaka kutopa nawo. Pofika Januwale, njala ikamaluma, mumtengomo munkakhala masamba okhaokha. Nthambi ya amayi ake ija inalipobe, chapabondo, yonenepa ngati mpini wa khasu, yokhota chifukwa chofunafuna dzuwa. Sinachitepo maluwa ngakhale kamodzi. Dalikeni analeka kudutsira mbali imeneyo. Pambuyo pake anatsamiritsapo mtolo wa nsungwi, ati posowa poika. Anali akubisa kuti asamaione.

Anthu pamudzipo sankadziwa kusiyana kwake, poti mango a kwawo kwa Dalikeni anali asanawalawepo. Wodziwa anali iye yekha. Anthu akamauyamikira mtengo, ankavomera ndi mutu, koma mumtima munkamuwawa.

Zinakhala choncho zaka zisanu. Ndiye kunabwera chaka chovuta. Mvula inachedwa, ndipo pofika Januwale mabanja ambiri ankadya kamodzi patsiku. Tsiku lina masana, pakhomo pa Dalikeni panafika mlendo. Anali Nambewe, mlongo wake, amene anatsala kumudzi kwa amayi awo. Anali atasenza dengu lalikulu lopanda kanthu.

Atamulonjera n'kumupatsa madzi, Nambewe anafotokoza chimene anadzera. Kwawo ana anali ndi njala. Iye anamva mbiri yakuti mtengo wa achimwene ake unakula mpaka mudzi wonse umakhala pansi pake. Ndiye anawerengetsa miyezi n'kunena kuti ino ndiyo nthawi ya mango a amayi, ndipite ndikatengereko ana.

Anayang'ana m'mwamba mumtengo muja. Munalibe kanthu.

"Achimwene, mwathyola kale?"

"Anatha mu Disembala," anatero Dalikeni, maso ali pansi.

Mango a amayi awo sankatha mu Disembala. Nambewe anaimirira, n'kuzungulira mtengo uja pang'onopang'ono. Anathyola tsamba, n'kulifikisa m'manja, n'kununkhiza. Kenaka anasuntha mtolo wa nsungwi uja. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

"Achimwene, uwu si mtengo wa amayi."

"Ndikudziwa."

"Mwadziwa liti?"

"Kalekale, chemwali."

Nambewe sanakalipe. Akanakalipa zikanapepuka. Anagwada pafupi ndi nthambi yokhota ija, n'kukanda khungwa lake ndi chikhadabo. Kunsonga kunali kouma. Anakanda chapakati, n'kupezanso pouma. Atakanda pafupi ndi chipsera, m'kati munaoneka mobiriwira, monyowa.

"Ikadali moyo," anatero. "Koma dzinja lina siifika."

Wina afunsa kuti, bwanji sanangodulapo kanthambi n'kukamezanitsa pa kamtengo kena? Nambewe anafunsanso zomwezo. Koma kanthambi komezanitsa kamafunika kathanzi, kokhala ndi maso otupa ofuna kuphuka. Pa nthambi ija panalibe ngakhale kamodzi kotero. Kuti ipatse moyo kwina, inayenera kuyamba yachira iyo. Ndipo sikanachira thunthu lalikulu lija lili pamwamba pake.

Nambewe anabwerera kwawo m'mawa mwake. M'dengu lake munali timaungu tiwiri tanthete ndi kaufa pang'ono, zimene Nachisale anaikamo kuti lisapite lopanda kanthu. Dalikeni anamuperekeza mpaka pamsewu. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo anali asanawamvepo.

Tsiku lotsatira ali kumunda, akubandira chimanga, Dalikeni anaika khasu pansi n'kumuuza mkazi wake zonse, kuyambira tsiku lija anabweza mpeni m'thumba. Nachisale anamvetsera atatsamira mpini.

"Ndiye kuti ndinakuletsani ndine?"

"Simunandiletse, Nachisale. Ndinangomva zimene ndinkafuna kumva."

"Ine ndinkauyamika poganiza kuti ndi wa apongozi anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya timango timeneti n'kumadzifunsa kuti, kodi mango otchuka aja ndi amenewa? Koma ndinkachita manyazi kukufunsani, kuopa kuti muti ndikunyoza amayi anu."

Onse awiri anaseka, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi.

"Achimwene anu akwiya," anatero Dalikeni.

"Akwiyadi. Koma malo ndi anga, mtengo ndi wanu. Dulani."

Dalikeni sanafune kuchita mobisa. Anapita kwa a Chisale, n'kukhala pansi mwaulemu, n'kufotokoza. A Chisale anabwera okha kudzaona nthambi imene ankainenayo. Ataiona anagwira pakamwa.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Mugwetse mtengo wonsewu chifukwa cha kanthu kokhota aka? Nanga kakauma?"

"Kakauma ndiye kuti ndataya zonse ziwiri."

"Nanga ife tizikhala pati?"

"Pepani, alamu. Mthunziwu ndaukonda inenso, mwina kuposa inu. Koma chimene ndinanyamula panjinga tsiku lija ndi mango a amayi anga."

"Mukadula, musadzandiitanenso pakhomo pano."

A Chisale ananyamula mpando wawo okha, osatuma munthu, n'kumapita.

Dalikeni sanadikire kuti mtima wake uyambenso kupeza zifukwa. Anasankha kudula sabata yomweyo, kumwamba kudakali mitambo, kuti dzuwa lisawauche nthambi imene inazolowera mdima. Palibe mwamuna wa pamudzipo amene anabwera kudzathandiza. Sakanagwetsa mtengowo kamodzi ngati wa nkhuni, chifukwa ukanaphwanya chimene ankafuna kupulumutsa. Anakwera m'mwamba ndi chikwanje, n'kuyamba kudula nthambi imodziimodzi. Iliyonse ankaimanga chingwe, Nachisale ali pansi akuitsitsa pang'onopang'ono. Anthu anaima chapatali, ena atagwira m'chiuno. Mayi wina wachikulire amene ankakonda kugona pamthunzipo masana analira mokweza ngati pamaliro. Kulira kumeneko kunamulasa Dalikeni, pakuti mayiyo sanamulakwire chilichonse.

Dzuwa litapendeka panatsala thunthu lokha. Limeneli analidula ndi sowo yobwereka kwa kalipentala, mosamala, pamwamba pang'ono pa pamene linatulukira. Pabala anamatapo dothi lonyowa. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti aone.

Panali ponyansa. Pamene panali mtengo wonyaditsa mudzi panatsala chitsa chofika m'bondo, ndi nthambi imodzi yokhota ya masamba khumi ndi anayi. Anawawerenga. Bwalo lonse linali mbee, khoma la nyumba lili pamtunda ndi ming'alu yake yonse. Dalikeni anakhala pamulu wa nthambi zija, manja akutuluka magazi, ndipo anachita mantha. Palibe amene anamulonjeza kuti nthambi ija ichira. Anangopemphera mawu ochepa: "Ambuye, ndachedwa. Zotsalazi ndasiya m'manja mwanu."

Mipando inasamukira kwina. Nkhani zinayambanso kugamulidwa iye kulibe. Dzina lija linafa, ndipo m'malo mwake ankamutcha mkamwini wodula mtengo. Sabata yoyamba nthambi ija inagwetsa masamba asanu. Sabata yachitatu inagwetsa ena anayi. Anthu odutsa ankayang'ana n'kupukusa mitu, ena mosangalala ndithu, poti munthu amakonda kuona kuti ananena zoona. Chitsa chija ndicho chinkaphuka mwamphamvu, mphukira makumi awiri nthawi imodzi, ndipo Dalikeni ankazithyola tsiku lomwe zatuluka.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, pa nthambi ya amayi ake ija, pafupi ndi chipsera, panatupa diso limodzi, n'kuphuka.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Mtengowo unakula wokhota moyo wake wonse, ndipo mthunzi ngati woyamba uja sunabwerenso. Zaka zisanu zimene zinatayika zinatayika ndithu, pamodzi ndi ana amene akanadya m'zaka zimenezo. Koma patatha zaka zitatu, mu Febuluwale, nkhokwe zitayera, mumtengo wokhota uja munalendewera mango asanu ndi anayi. Limodzi Nachisale analikulunga m'nsalu, n'kukalisiya pakhonde pa achimwene ake.

Miyezi inadutsa. Ndiye tsiku lina m'chilimwe, nyengo yomezanitsa itakwana, Dalikeni akukonza khola la nkhuku, anamva kutsokomola kumbuyo kwake. Anali a Chisale, amene zaka zitatu anali asanapondepo pakhomopo. M'manja anali ndi mbande ziwiri za mango wamba zam'machubu. Anaziika pansi, n'kuyang'ana kuphiri ngati kuli china chachilendo.

"Alamu," anatero, "akuti inu mumadziwa kumezanitsa."

Abale anga, tsiku limene munamulandira Khristu, iye anaika mwa inu moyo umene simunabadwe nawo. Anauika ndi cholinga, kuti wanjala akafika kwa inu pa nthawi yovuta apezepo chakudya. Koma tsinde lakale likadali pomwepo, ndipo likuphukabe. Ambiri a ife sititayika ndi machimo oti mudzi wonse n'kuwaloza. Timatayika ndi chinthu chooneka bwino chimene chinamera ife titatanganidwa ndi zofunika. Kwa wina ndi malonda amene adya nthawi ya pemphero. Kwa wina ndi udindo wa mumpingo momwe muno, umene wakula mpaka kuphimba Mwini mpingo. Anthu amakhala pansi pake n'kumatiyamikira, ndipo amene amadziwa kuti si chimene chinadzalidwa ndife tokha.

Inu achinyamata, zanu zidakali zanthete. Thyolani lero, sizipweteka kwenikweni. Koma mawu anga ali makamaka kwa inu anzanga akale, amene mwakhala phee chifukwa mukulidziwa kale thunthu limene ndikunena. Sindikudzudzulani, nanenso ndinadulapo langa, ndipo linandipweteka. Ena adzakusekani, ena adzanyamula mipando yawo. Koma Ambuye sanakutayeni. Mukafika kunyumba, kandani pamtima panu moona. Mukapeza pobiriwira, ngakhale pang'ono pokha, gwadani muthokoze, kenaka mukanole nkhwangwa.